Kamluzu ka Pansi pa Kabuleta

Ndikukumbukira pikapu yobiriwira ya Mzee Haule, mkulu amene anali mwini sitolo ina ku Mbamba Bay. Inali yakale kuposa ine. Chitseko chake chimodzi chinkamangidwa ndi chingwe, ndipo inkanunkha usipa ngakhale aitsuke ndi sopo. Bambo anga, amene anachokera ku Nkhotakota, tsidya lina la nyanja, asanakwatire, ndiwo ankaiyendetsa ndi kuikonza. Ankakwera ndi matumba a usipa ku Mbinga, pobwerera n'kutenga chimanga ndi malata. Ine ndinali ndi zaka khumi, mwana woyamba, ndipo ndinkakhulupirira kuti kunalibe fundi, mmisiri wa galimoto, wowaposa mpaka ku Liuli.

Chaka chimenecho bambo anadwala malungo aakulu. Atadzuka, mphamvu zinabwerera koma makutu sanabwerere. Kunyumba tinkadziwa, koma amayi anatiletsa kuuza munthu. Polankhula nawo tinkaima kutsogolo kwawo kuti aziona milomo. Kumsika wina akawapatsa moni ankangopitirira, anthu n'kumati ayamba kunyada.

Kenaka galimoto ija nayo inadwala. Akangoiliza, injini inkathamanga yokha ngati wina waponda faya, chikhalirecho phazi lili pambali. Ikaima pamsika inkabangula mpaka amayi ogulitsa mandasi ankakoka ana awo. Giya inkakukuta polowa, petulo n'kumatha msanga. Bambo sankamva kubangulako, ankangoona chiwongolero chikunjenjemera. Mzee Haule anawauza kuti pofika Lolemba ikhale itachira, chifukwa kunali katundu wokatenga ku Kihagara.

Loweruka m'mawa anaiimika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu n'kutsegula boneti. Anayamba ndi zimene maso amaona. Anachotsa chosefera mpweya kuti aone ngati choki inakakamira, koma inali yotseguka bwinobwino. Waya wa faya sunali wokungika, sipuling'i nayo inkabweza bwino. Anapotokola kasikuluwu kochepetsera moto mpaka kumapeto, dzanja lina lili pa injini kuti amve ndi khungu. Kunjenjemera sikunasinthe. Anakakhala pachitsa nthawi yaitali, akuyang'ana manja awo akuda.

Ine ndinkayanika chinangwa pathandala pomwe anandiitana.

"Esinati, tabwera mayi. Undibwereke makutu."

Anatenga kapaipi ka labala kotalika ngati mkono. Mbali ina anandiika kukhutu, ina anaigwira okha n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono mozungulira kabuleta. Anati injini ikamathamanga chonchi nthawi zina imakhala ikuba mpweya penapake, ndipo pamene ikuberapo pamalira kamluzu. Ndikakamva ndiwatsine. Anandipisira diresi m'miyendo kuti feni isandikoke. Moto wa injini unkandiwawula kumaso, fungo la petulo likundizunguza mutu, ndipo poyamba ndinkangomva chiphokoso. Koma paipi itafika pansi pa kabuleta, chakumbuyo, ndinamva kamluzu kopyapyala ngati kulira kwa mwanapiye. Ndinawatsina mwamphamvu mpaka anadzidzimuka n'kugunda mutu kuboneti.

Kunali kapaipi kakang'ono kamene kanang'aluka mbali yosaoneka. Atatseka mng'aluwo ndi chala, injini inatsika nthawi yomweyo, mpaka kufuna kuzima. Anadula pong'alukapo, analumikizanso, n'kumanga ndi kawaya. Kenaka ankapota kasikuluwu kaja akundiyang'ana, ine ndikukweza kapena kutsitsa dzanja, mpaka injini inayamba kuguguda mofatsa. Tsiku limenelo anaseka, koyamba chidwalire. Anandipaka girisi pamphumi n'kunena kuti kuyambira lero ndine fundi Esinati.

Masana Mzee Haule anabwera kudzaona. Ndinawapatsa shikamoo, moni wopatsa akuluakulu, ndili ndi girisi wanga pamphumi, poti ndinakana kusamba. Anazungulira galimoto akumvetsera, akugwedeza mutu mokondwa. Anati khutu la fundi weniweni ndi lina. Mawu amenewo anandilowa, ndipo ndinafuna kuti nanenso andione.

"Ndamva ndine, Mzee," ndinatero m'Chiswahili. "Ababa samva, ndiye ndawathandiza."

Bambo anali atatifulatira, akupukuta masipanala. Mzee Haule anawaitana dzina. Anaitananso, kachitatu mokweza. Bambo anapitiriza kupukuta. Mzee anandiyang'ana ine, kenaka anayang'ana pansi.

Sanali munthu woipa. Ulendo wa ku Kihagara anawalola kupita. Patatha sabata anabwera kunyumba, anakhala pampando moyang'anizana ndi bambo, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti milomo ioneke. Anati msewu wa kumapiri uli ndi makona ambiri, ndipo dalaivala wosamva hutala ya lole akhoza kuphetsa anthu. Bambo anapisa m'thumba n'kupereka makiyi ndi manja awiri.

Amayi atadziwa mmene nkhani inatulukira anathyola kamtengo. Bambo anawalanda.

"Mwanayu sananame. Musiyeni."

Sanandidzudzule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa mkwapulo. Anayamba kusoka maukonde a anthu, ntchito imene zala zawo sizinaizolowere. Pikapu ikamadutsa pamsewu ndi dalaivala watsopano iwo sankaimva. Ine ndinkaimva ikadali kutali, ndipo ndinkalowa m'nyumba. Kangapo ndinaima kutsogolo kwawo kuti ndipepese, koma milomo inkakana, iwo n'kundituma madzi akumwa. Anamwalira ndisanakwatiwe, ndisananene mawuwo.

Lero msewu wa ku Mbinga ndi wa phula, ndipo galimoto za kabuleta zatsala zowerengeka. Mwana wanga wamwamuna akuti masiku ano fundi amangolumikiza makina, vuto n'kulembedwa pagalasi. Chaka chatha ndinaperekeza mnzanga wina wosamva bwino kuchipatala cha m'tauni. Anamuika m'khutu kachipangizo kochepa ngati nyemba, ndipo atamva mawu ake omwe anagwira pakamwa n'kuyamba kuseka. Ndinaseka naye pang'ono. Kenaka ndinanamizira kuti ndikukagula madzi, ndinatuluka panja, n'kukakhala pabenchi misozi ikutsika. Mayi wina wosamudziwa anandigwira paphewa n'kundifunsa kuti wamwalira ndani. Ndinamuyankha kuti bambo anga, ndipo anandipepesa ngati maliro achitika tsiku lomwelo.