Mbendera Inagwera Pamsika wa Thambani

A Crispim anafika ku Thambani mu 1987, nkhondo itawathamangitsa kwawo ku Tete. Kumeneko ankasoka nsapato, koma kuno anapeza mapazi ambiri opanda nsapato, ndiye anayamba kumata machubu a njinga pamsika. Ntchito ikazilala ankasewera suweka, masewera a makhadi a kwawo. Amasewera anthu anayi, awiriawiri, ndipo salankhula, ngati pamaliro. Mbali imene yadya maulendo onse khumi amati yatenga mbendera.

Tsiku lina mnzawo Zaqueu atagonja anakuwa kuti, "Mawa mbendera titenga ndife!" Mawuwo anafika ku Boma asanafike mawawo. Kunabwera a Stafford, a ku ofesi yoona za othawa nkhondo, kudzafufuza alendo ofuna kulanda mbendera ya dziko. Zikanapezeka zoona, a Crispim akanabwezedwa kutsidya kwa malire, kumene mfuti zinali zisanatope.

"Bwana, ndi makhadi chabe," anatero a Crispim.

"Boma siliyendera zongomva," anayankha a Stafford, amene anabwera chifukwa cha zongomva. "Gawani ndione."

Atawafotokozera malamulo, a Stafford anakhala mbali imodzi ndi a Crispim. Mbali inayo kunali Zaqueu ndi mayi Ines ogulitsa mandasi. Tsoka ilo, makhadi onse amphamvu anapita kwa Zaqueu, munthu woti akagwira zabwino sadziwa bwana. Anadya ulendo woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chitatu. A Stafford anamasula tayi.

A Crispim anatsala ndi makhadi awiri, seveni ya mitima ndi mfumu ya sipedi. Zaqueu anaponyanso khadi lodula, la mtundu umene umadya ena onse, ndiye limodzi mwa awiriwo linayenera kutayidwa. Akanataya lolakwika, ulendo wotsiriza ukanapitanso, ndipo bwana akanabwerera ku Boma wamanyazi. Bwana wamanyazi salemba zabwino. A Crispim anakumbukira kuti mitima itaponyedwa poyamba paja, Zaqueu anazengereza, chala chikusisita khadi lina, kusonyeza kuti anali ndi mtima wina. Anataya mfumu.

Apa a Stafford anaiwala za chete uja. Anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Achimwene, musawalole! Mbendera imeneyo igwe! Igwetseni!"

Msika wonse unamva. Wogulitsa tomato anaima mbale ili m'manja.

Zaqueu anaponya sikisi ya mitima, a Crispim n'kuidya ndi seveni yawo.

A Stafford anayang'ana uku ndi uku, namanganso tayi pang'onopang'ono.

"Mwamva chiyani, mayi?" anafunsa wa tomato uja.

"Ine bwana? Makutu anga ndi ovuta kuyambira kale."

"Chabwino. Nkhaniyi ilibe umboni."

A Crispim anayamba kusonkhanitsa makhadi. Pokwera njinga yamoto, a Stafford anawakodola n'kuwanong'oneza kuti Loweruka abweranso kudzapitiriza kafukufuku, koma masewerawo awapezere dzina lina la chinthu chija.