Njuzi ya mchira wopsa

Ndikukumbukira fungo la lupsa ku Champhira chaka chimene ndinatola kamwana ka njuzi kudambo, mchira wake utapsa kunsonga. Ndinali mtsikana wa Sitandade 5. Bambo anali kocheka matabwa ku Viphya, ndiye pakhomo tinalipo ine ndi amayi basi. Kanjuziko ndinkakayamwitsa mkaka wa mbuzi pakansalu, ndipo katakula pang'ono kanatha makoswe onse m'nkhokwe, pamodzi ndi anapiye awiri amene amayi sanawaiwale mpaka kumwalira.

Chinandipweteketsa ndi pakamwa pangapa. Aphunzitsi atatiuza kuti mphaka, njuzi, kambuku ndi mkango ndi banja limodzi, monga galu ndi nkhandwe, ndinakweza dzanja n'kunena kuti m'bale wake wa mkango amagona kumapazi kwanga. Mawuwo anayenda. Loweruka kunabwera bambo wa yunifolomu ya khaki, akuti woyang'anira nyama zakutchire, ali ndi atcheyamani a chipani. Anafotokoza mofatsa kuti mphaka ndi wa aliyense, kaya umusunga kaya umuponya m'chitsime, koma njuzi zatsala zochepa, n'zotetezedwa, ndiye ndi za boma. Anati yangayo akaisiya kunkhalango komwe kuli zinzake. Anaiika m'thumba ikulira. Amayi atagwada ananditsina kuti ndithokoze.

"Yewo chomene, adada," ndinatero ndikukukuta mano.

Mvula itatha anatitenga kusukulu kukaimba pamsonkhano wa chipani ku Mzimba boma. Dzuwa linali loswa mtengo, fumbi mpaka m'kamwa. Gule wa Ingoma atayamba, mwana wa atcheyamani anatulukira kutsogolo kwa ovina, chikopa cha mawanga chikulendewera m'chiuno. Kanali kachikopa kochepa, ka nyama yosakhwima, mchira wake wopsa kunsonga. Ndinasiya kuwomba m'manja. Aphunzitsi omwe aja anandinong'oneza osandiyang'ana n'komwe:

"Womba, mwana iwe. Ukufuna bambo ako asowe?"

Ndinawomba mpaka zikhatho zinatentha, misozi ikulemba mizere m'fumbi la m'masaya.

Lero nkhaniyi ndimatha kuikamba m'minibasi osacheukira kumbuyo. Koma dambo lija ndi fodya yekhayekha, ndipo adzukulu anga njuzi amangoiona pachithunzi cha m'buku, pansi pake atalemba kuti yotetezedwa. Akandifunsa tanthauzo la mawu amenewo ndimawauza kuti akafunse kusukulu. Ine ndikayamba kuyankha, mtima umawira.