Botolo Loyera pa Shelefu ya Pansi

Pakoleji onse ankawaitana kuti Abusa, ngakhale kutchalitchi kwawo sanapitirirepo pa udindo wolongosola mabenchi. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira, chifukwa ntchito yawo inali yomangitsa maukwati. Ankakwatitsa tintchentche, tija ting'onoting'ono ta maso ofiira timene timazungulira nthochi zikapsetsa.

Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde, chopanda zenera, chonunkha yisiti. Mashelefu anali odzaza ndi mabotolo otseka ndi thonje, ndipo m'botolo lililonse munali phala la ufa, shuga ndi yisiti limene ankaphika okha. M'phalamo ndi mmene tintchentche timaikira mazira. Mazira amasanduka mphutsi, mphutsi zimakwera m'mbali mwa botolo n'kuuma ngati mpunga, ndipo posakhalitsa mwatuluka m'badwo wina. Abusa ankafika m'mamawa anthu asanabwere, popeza kakazi kakangotuluka sikachedwa kupeza mwamuna, ndipo kakakumana naye kamodzi kamasunga mbewu yake masiku ambiri. Wofuna kudziwa bambo wake wa ana ayenera kupatula anamwali dzuwa lisanakwere. Tintchentcheto ankatigonetsa ndi mankhwala, n'kutiyala pa kambale pansi pa maikulosikopu, n'kumatikankha ndi kaburashi: amuna, aja akuda kumbuyo, uku, akazi uku. Ophunzira ankaseka kuti mumpingo wa Abusa mulibe chibwenzi chamseri. Iwo ankangowauza kuti atseke chitseko, mphepo ikulowa.

Mwa mitundu yonse imene ankasunga, panali umodzi umene kwina kulikonse kunalibe. Woupeza anali Aprofesa amene anawalemba ntchito Abusa adakali mnyamata, ndipo Aprofesawo atapuma, kenako n'kumwalira, mtunduwo unatsala m'manja mwa Abusa, pa shelefu ya pansi. Unali ndi chilema chotengera kwa makolo. Kantchentche kotengera chilemacho kwa kholo limodzi kankabadwa ndi mapiko opindika, koma kankabereka bwinobwino. Kotengera kwa makolo onse awiri kankabadwa ndi mapiko owongoka, kooneka bwino kuposa abale ake, koma kakakhala kakazi sikankaikira dzira ngakhale limodzi. Choncho mtundu wonse unkayenda pa a mapiko opindika. Abusa ankawasamutsira m'phala latsopano lakale lisanachite nkhungu, chaka ndi chaka, ndipo tsitsi lawo linachita imvi mtunduwo usanaduke.

Kunyumba anali awiri basi, iwo ndi akazi awo, amene ankasoka zovala pa makina m'chipinda chochezera. Mwana sanamuonepo. Kalekale anapita kuchipatala, madokotala n'kunena kuti vuto lili kwa mayi. Achibale anayamba kubwera ndi malangizo, ena ndi mayina a akazi ena. Abusa sanakangane nawo, komanso sanachite zimene ankawauzazo. Si kuti anali munthu wofewa. Anali ouma pakamwa, ndipo mawu otonthoza akazi awo analibe. Nkhaniyo ankangoilambalala ngati dzenje la pamsewu. Mlongo wawo akabwera kudzacheza ankayang'ana pansi popukuta bwino, makapu ofanana pa shelefu, n'kunena kuti: "Mlamu, nyumba yanuyi ndiye kuyera ngati chipatala. Ngakhale woswa kapu palibe." Mayiwo ankamwetulira n'kumuthirira tiyi wina.

Tsiku lina madzulo, posowa chokamba, Abusa anawafotokozera akazi awo za mtundu wa pa shelefu ya pansi. Makina osokera anaima. Mayi anafunsa kuti nanga a mapiko owongokawo amathera kuti. Abusa kunama sankakudziwa. Anati ophunzira akatha kuwaona amawakhuthulira m'chitini cha mafuta chimene chili pakona, chimene onse amachitchula kuti manda.

"Ndiye alakwa chiyani akaziwo?" anafunsa mayi, maso ali pa nsalu.

Makina anayambanso kulira. Koma m'mawa mwake Abusa anatenga botolo lina n'kuthiramo phala. Kuyambira tsiku limenelo, akazi a mapiko owongoka sanapitenso m'mafuta. Ankawaika m'botolo lawolawo pa shelefu yomweyo, pambali pa mabotolo awiri a mtunduwo. Anaona kuti akaziwa amakhalitsa kuposa abale awo obereka. Anaonanso kuti botolo lawo silida. M'mabotolo obereka phala limapondedwa ndi mphutsi mpaka kusanduka matope, galasi lonse n'kudera. M'botolo ili phala linkakhala losalala, galasi lowala ngati lochapa kumene.

Atawauza akazi awo, mayiwo sanayamikire. Koma kuyambira pamenepo, Abusa akangokoleka jekete pakhomo, ankafunsa kuti: "Anzanga aja ali bwanji, bambo?"

"Akupereka moni."

Pa nkhani ya ana, nthabwala imeneyi ndi yokhayo imene inalowapo m'nyumba muja, ndipo inawakwanira zaka zambiri.

Matenda a mayi anayamba nyengo yotentha. Abusa ankathamangira kuntchito m'mamawa, n'kubwerera kuchipatala atanyamula madzi otentha m'fulasiki. Ntchito zina zinayamba kuwapitirira. Mabotolo awiri a mtundu uja anafika nthawi yosamutsa, iwo n'kumati mawa, podziwa kuti mphutsi zili m'phalamo zipirira. Koma botolo la anzawo a mayi sankaliiwala, chifukwa ngakhale mawu atayamba kuchepa, funso lija mayi ankafunsabe, ndipo Abusa sankafuna kuyankha zimene sanazione.

Mayi atamwalira, maliro anapita kwawo, kutali, ndipo Abusa anakakhalitsa kuposa mmene anachokerapo pantchito chiyambire. Chipinda anasiyira mayi wotsuka mabotolo, wamasiye wakhama amene anali atangoyamba kumene. Anamuuza ali chiimire pakhomo, mutu uli kwina, kuti pa shelefu iliyonse pali mabotolo akale ndi atsopano. Akale akada aziwaphika mumphika waukulu kuti nkhungu ndi tinsabwe zisafalikire, atsopano azisunga.

Tsiku limene anabwerera, mayi wotsukayo anawalandira ndi manja awiri n'kuwapepesa za zovuta. Kenako anawaonetsa chipinda. Anali atakolopa, atapukuta mashelefu, chilichonse chili m'malo mwake. Ankafuna kuti munthu woferedwa asapeze ntchito yomudikira. Abusa anathokoza, n'kuwerama kuyang'ana pa shelefu ya pansi. Panali botolo limodzi.

Anafunsa za awiri ena aja. Mayiyo anati anali atada kuposa onse m'chipindamo, phala litasanduka matope, mphutsi zili nyakanyaka, ndiye anawaphika monga anauzidwira. Koma latsopanoli analisamala, anatero, ndipo onani mmene tintchentche tikuulukira.

Abusa ananyamula botolo lija n'kuliyang'ana pa getsi. Tintchentche tinkakwera galasi mwamphamvu, tonse tooneka bwino. Anakhala pa mpando wawo, anatigonetsa, anatiyala pa kambale n'kuyamba kutikankha kamodzikamodzi ndi kaburashi, kufunafuna phiko limodzi lopindika, kapena kamuna kamodzi kolowamo mwangozi. Ankadziwa kuti sapeza. Amene anatisankha anali iwo omwe, ndipo pa ntchito imeneyi sankaphonya. Atafika kumapeto anayambiranso.

Mayi wotsuka anaima kumbuyo kwawo atagwira chokolopera. Ataona kuti akhalitsa anafunsa ngati walakwitsa. Abusa anamufotokozera mwachidule, kuti botolo limayera chifukwa mulibe ana, ndipo aja akuda ndi amene munali mtundu wonse. Mayiyo anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira, akuti bola akanafunsa, bola akanawasiya ndi litsiro lawolo.

"Dzukani, mayi," anatero Abusa. "Mwachita zimene ndinakuuzani. Aliyense akanasunga loyeralo."

Mkulu wa dipatimenti atamva anabwera yekha kuchipinda kuja. Anawagwira paphewa, nati n'zomvetsa chisoni, koma asadzivutitse; zaka zapitazi palibe amene ankaufunanso mtunduwo pa kafukufuku, ndipo shelefu ipeza ntchito ina. Ankanena mwachifundo, ndipo zinali zoona. Abusa anavomera.

Botolo lija sanalitaye. Mtundu unali utatha kale, ngakhale unkaulukabe. Ankaphika phala monga mwa masiku onse, n'kuwasamutsa akazi aja nthawi yake ikakwana, ndipo ulendo uliwonse ankachepa. M'mawa ankapeza ena ali gada paphala, miyendo itapindika. Ankawachotsa ndi kaburashi n'kuwakulunga m'kathonje. M'chitini cha mafuta sanaikemo ndi mmodzi yemwe. Mayi wotsuka ankazilambalala shelefuyo pokolopa, maso ali kumbali, mpaka tsiku lina Abusa anamuitana kuti awagwirire thonje posamutsa. Kuyambira pamenepo ankagwira awiri, osalankhula zambiri.

Madzulo ankakoleka jekete pakhomo n'kuima pang'ono. Makina osokera anali ataphimbidwa ndi nsalu. Makapu anali onse pa shelefu. Mlongo wawo anabwera kudzawathandiza kusesa, koma anapeza palibe choti asese.

Akazi aja anakhalitsa, monga mwa chibadwa chawo. Mvula inayamba adakalipo ochepa, kenako awiri, kenako mmodzi, woyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi. Ameneyo Abusa anamupeza atafa m'mawa wina ophunzira asanafike. Anachotsa thonje, anakhuthula phala limene munalibe ndi dzira limodzi lomwe, anapita pasinki n'kutsuka botololo okha, ngakhale silinkafuna kutsuka kwenikweni. Analiika chozondoka pamodzi ndi mabotolo ena opanda kanthu.

Kunja kunali kutayamba kuwala. M'mashelefu a pamwamba anamwali anali atayamba kutuluka, ndipo sakanadikira. Abusa anapukuta manja, anakoka mpando, n'kutenga kaburashi.