Asilikali a Mzee Wafula ndinawasambitsa

Sabata ino ndasambitsa asilikali khumi ndi awiri a eni ake. Palibe amene anandituma.

Musathamangire kupolisi. Asilikali ake ndi amtovu, kutalika kwawo sikufika pa kachala kanga kakang'ono. Loweruka lililonse masana ndimakwera maminibasi awiri, amene ku Nairobi kuno amati matatu, kuchoka ku Embakasi mpaka ku Kahawa, kukamenya nkhondo m'galaja ya mdala wina, Mzee Wafula. Timayala nsalu yobiriwira patebulo. Mapiri ndi siponji ya matiresi akale, mtsinje ndi riboni. Tiasilikalito timatiyendetsa poyeza ndi tepi ya telala, ndipo wofa amadziwika ndi madayisi. Tonse ndife madoda a imvi. Mmodzi ndi dokotala wa mano. Musandifunse kuti akazi athu amati chiyani.

Ine ndine mlendo pamasewerowa, gulu langa la nkhondo linali lidakali la anthu asanu ndi bulu mmodzi. Ndiye Loweruka lina posachedwapa Mzee, amene anayambitsa zonsezi, anandipatsa kachitini ka masikono.

"Kijana," anatero, kunditchula mnyamata ngakhale ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, "tenga awa ukaphunzire kuwafoletsa kunyumba. Sabata yamawa ubwere nawo."

Nditatsegula ndinapeza askari, asilikali achikuda a nthawi ya atsamunda, chisoti chofiira, kabudula wa khaki, nsalu zokulunga m'miyendo. Akalekale, oumbidwa ine ndisanamere mano. Amakono amawaumba ndi minofu ndi makwinya, koma awa nkhope zawo zinali ngati mbatata, onse ofanana. Penti atakungunuka, m'mapewa mukuoneka mtovu weniweni, vanishi atachita chikasu ngati mano a munthu wa fodya.

Zinandinyenga ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuleredwa bwino. Kwathu ku Ntcheu wobwereka khasu amabweza atanola, wobwereka njinga amabweza atapopa. Ndingabweze bwanji asilikali a mkulu ngati ameneyu ali mbuu?

Chachiwiri ndi buku. Sukulu ndinalekezera fomu 2. Maphunziro anga otsala ndinawagula m'mbali mwa msewu, ndipo ndimawerenga m'galimoto podikira mabwana anga atuluke m'misonkhano ya ku Upper Hill. Munthu wodziphunzitsa yekha ali ndi nthenda imodzi: akadziwa kanthu, kamamuyabwa mpaka wina amve. Buku langa lina, lopanda chikuto, limati nsalu za m'miyendo za askari zinali zabuluu woderako. Za Mzee zinali zobiriwira.

Zobiriwira, abale!

Lolemba ndinawaviika m'botolo la jamu, m'mankhwala aja otsukira mabala, monga amachitira akatswiri. Lachitatu ndinawakwecha ndi mswachi wakale. Penti anasendeka ngati khungu la tomato wowiritsa. Lachinayi ndi Lachisanu ndinapenta, lilime panja, magalasi pamphuno. Maso ndinadontheza ndi singano. Atatu anatuluka otong'ola ngati aona landilodi pakhomo, koma enawo anali ooneka bwino moti ndinawajambula pafoni. M'matatu ndinkachita kukanyamula kachitiniko ngati sakalamenti.

Nditafika ndinawandandalika patebulo, mizere iwiri, nkubwerera m'mbuyo kudikira m'manja.

Dokotala wa mano anayamba kuwerenga malata a denga. Mzee anatola mmodzi, kumutembenuza, nkumusisita paphewa ndi chala.

"Anga aja ali kuti?"

"Ndi omwewo, Mzee. Ndangowakonza pang'ono. M'miyendomu munalakwika, buku likuti..."

"Ndikudziwa zimene buku likunena, kijana. Ndili nalo, lachikuto."

Anamuika pansi bwinobwino. Kenaka anafotokoza, mosakweza mawu. Amene anasiyira mkulu wake tiasilikalito ndi mphunzitsi wina wachizungu pobwerera kwawo, tisanapentedwe. Mkulu wakeyo anapenta yekha, ndi nthenga ya nkhuku. Wabuluu analibe. Wobiriwirayo anali wotsala popenta chitseko cha nyumba ya amayi awo. M'mapewa muja munayera chifukwa ndi momwe ankagwira, iye ndi mkulu wakeyo, zaka makumi anayi akumenyana patebulo.

"Tinamuika zaka zitatu zapitazo," anatero. "Sawa. Tiyeni tisewere."

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Tsono popeza danga lino la m'nyuzipepala ndi langa, ndiloleni ndigawireko ena manyaziwa. Nthenda yangayi ndi ya fuko lonse. Ife chinthu chikakalamba timachiona ngati umphawi umene waiwala kubisala. Kukamveka kuti kukubwera bwana wamkulu, timapaka laimu miyala, mitengo, ngakhale chitsa. Galu akagona nthawi yaitali pamsewupo naye angadzuke woyera.

Mwaona zimene tikuchita ndi zithunzi za makolo? Mphwanga wina anatumiza pagulu la banja chithunzi cha malemu agogo aamuna atachikonza pafoni. Makwinya onse anachotsa, mano anawabwezera, anawaveka ndi tayi. Munthu amene moyo wake wonse ankati tayi ndi chingwe cha mbuzi! Tonse tinayankha ndi timitima. Palibe anafunsa kuti mkulu wonyezimirayu ndani.

Kutchalitchi kwathu kumudzi kunali benchi ina yokumbika pakati, pamene mayi wina wonenepa anakhalapo kuyambira ubatizo mpaka maliro ake. Komiti inaichotsa nkuika mipando ya pulasitiki. Yoyera bwino, yotsukika, ndipo ikathyoka palibe amalira.

Sindikunena kuti tisamapente nyumba, kapena kuti dzimbiri ndi chuma. Galimoto ya mabwana anga ndimaipukuta m'mawa uliwonse ndipo sindinamvepo ikudandaula. Koma kodi ndi liti tinayamba kuganiza kuti chilichonse chofwifwa chikupempha thandizo lathu? Ndipo n'chifukwa chiyani mtima wokonza umatigwira kwambiri pa zinthu za eni? Nsapato zanga zakhala zikufuna polishi kuyambira Isitala. Sindinaziviike m'botolo la jamu.

Choipa kwambiri n'chakuti wowononga mwa mtundu wanga amabwera akumwetulira. Wakuba umamutukwana mtima nkuphwa. Nanga wokuthandiza umutani? Umayenera kumuthokoza, iye atakufufutira m'bale wako ndi mswachi.

Masewero a tsikulo sindikumbuka bwino. Ndikudziwa kuti ndinaponya madayisi, ndipo bulu wanga anafa msanga. Chimene chinkandizungulira m'mutu n'chakuti kodi Loweruka likudzali mpando wanga m'galajamo udzakhalapobe? Mu Nairobi muno anthu odziwana nawo ndili nawo ambiri, koma khomo limene ndimagogoda popanda chifukwa ndi lomwelo.

Potsanzikana ndinapepesa kachitatu, m'zilankhulo zitatu. Mzee analongedza askari aja m'kachitini, nkundiika m'manja.

"Tenga. Ndi ako tsopano. Wawapenta bwino."

Ndinatuluka mtima uli m'malo. Pa Thika Road ponse ndinkadziuza kuti akuluakulu a kuno ndi okhululuka, ndipo mwina ntchito yanga yawagwira mtima. Gulu langa lachoka pa asanu kufika pa khumi ndi asanu ndi awiri, osawerengera bulu.

Lamulungu masana ndinakumana ndi a Nabanda pamasitepe. Ndi namwino wa kwathu ku Malawi, khomo lawo limayang'anana ndi langa, ndipo tonse tinali ndi zigubu m'manja chifukwa madzi anali atathawanso m'mipopi. Ndinawafotokozera nkhani yonse, mpaka pa mphatso, ndikuyembekeza kuti anena kuti zatha bwino.

Anatula chigubu pansi.

"Achimwene, mabuku onse mumawerenga aja, mpaka pano simudziwa mphatso?"

"Ndiye kuti chiyani, achemwali? Anena okha kuti ndapenta bwino."

"Eya, mwapenta bwino. N'chifukwa chake sakufuna kuwaonanso m'nyumba mwawo. Mumafuna azidzuka m'mawa uliwonse nkumaona alendo khumi ndi awiri atavala mayunifolomu a m'bale wawo?"

Ndinafunsa ngati kuli bwino ndingosiya kupitako, mkuluyo apume.

"Mukasiya ndiye mwawalanda kawiri, asilikali ndi mnzawo wosewera naye. Loweruka mupite. Tianthu tanu tonyezimirato musiye konkuno. Kupepesa kwakwana, musakawatopetse. Mukakhale pansi muwafunse kuti mkulu wawo anali munthu wotani, ankabera bwanji pamadayisi, ndipo akayamba kulankhula inu mutseke pakamwa, ngakhale alakwitse chaka."

Ananyamula chigubu chawo, nakwera masitepe awiri, nkutembenuka.

"Ndipo manja anuwo mukaike m'thumba. Mukakaona mpando wothyoka mwendo m'nyumba mwawo, khalani pansi pasimenti."