Nyale Zoyera ku Mualadze

Fumbi la malasha litachuluka ku Moatize, ndinachotsa mababu achikasu pa kagalimoto kanga n'kuikapo a zenoni, oyera mbee, pa nyale zazikulu ndi za nkhungu zomwe. Ndinkakatenga kabichi ku Zóbuè m'mamawa, ndipo ndinali nditatopa n'kuyenda mopapasa msewu.

Tsiku lina ndinapita kukaona achemwali anga ku Mualadze, komwe anasamutsidwira mgodi utatenga minda yawo. Ndinafika chisisira, nyale zikuyaka. Ndisanazimitse injini, anthu anali atandizinga kale, ena ndi zigubu zopanda madzi, ena ndi mapepala m'manja. Kuwala kotero ankakuona pa magalimoto a kumgodi okha, choncho anayesa kuti mashefi, mabwana a kumgodiwo, abwera kudzamva za mjigo wawo wakufa.

Nditatsika, onse anaona kuti si mashefi. Bambo wina anapinda pepala lake bwinobwino n'kulibweza m'thumba.

Achemwali sanandilonjere n'komwe.

"Achimwene, nyale zimenezi tazidikira zaka zonsezi, ndiye mutsikemo ndinu?"

Nditabwerera kwathu, mababu achikasu aja ndinakawatola kudzala komwe ndinawataya.