Dimba Limene Linawoloka Mtsinje

Anthu ankangowatchula kuti a Matimati, chifukwa moyo wawo wonse ankalima matimati m'dimba la m'mbali mwa mtsinje. Dimbalo linali pokhota, pamene madzi amawomba gombe mwamphamvu. Dzinja lililonse mtsinje unkagumula mizere ingapo n'kukatula dothilo tsidya lina, chakumunsi, kumunda kwa mlamu wawo.

Iwo sankadandaula. Akakumana pamlatho ankangofunsa kuti, "Alamu, dothi langa lija likubereka bwanji kwanuko?"

"Likubereka ndithu, alamu. Mutumizenso lina."

Dimba litatha, a Matimati anakalima kumtunda, pamalo athyathyathya okhala ngati sitepe, pamene madzi sankafika ngakhale mtsinje usefukire. Nthaka yake inali youma, moti ankachita kutsika ndi ndowa kukatunga madzi othirira, mpaka mawondo anayamba kukana. Ana awo anawaitanira kutauni, koma sanapite.

Atamwalira anawaika kumtunda komweko. Okumba manda atapyola dothi lakuda anapeza mchenga, kenako timiyala tosalala tobulungira. Anaima kaye n'kusuzumira mtsinje, uli patali m'munsimo. Wamkulu wawo anati, "Kalekale madzi ankadutsa pano," ndipo anapitiriza kukumba.