Woyimba Wopanda Mawu

Mayi atelala a pakona sankawakonda masewera a amuna awo. Lamlungu lililonse masana bambowo ankakhala kuseri kwa shopu ya wometa ndi anzawo, patebulo pali madayisi ndi mapepala, aliyense atasanduka munthu wa m'nthano. Makaniko anali wankhondo, mphunzitsi anali wamatsenga, wometa ndiye ankatsogolera nkhani. Amuna awo, amene anthu ankawatcha a Wailesi chifukwa cholongolola, anali woyimba. M'masewerawo mphamvu za woyimba zili pakamwa: amachiritsa anzake ndi nyimbo, adani amawanyengerera ndi mawu okoma.

Kenako sitiroko inawagwetsa a Wailesi m'bafa. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja lili lende, mawu atapita. Anatsala ndi "eya" ndi "iyayi", nthawi zina mosokoneza. Anayamba kukana chakudya. Anzawo akabwera kudzawaona, ankatembenukira kukhoma.

Mayiwo anayesa mapemphero, anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa. Tsiku lina anasiya diresi la kasitomala lili pa makina n'kupita kwa wometa.

"Alamu, ndiphunzitseni zamadayisi zanuzi. Munthu uja akutha ndikuona."

"Woyimba wosayankhula ndiye ayimba bwanji, alamu?"

"Lamulo lake analemba ndi munthu. Inenso ndine munthu."

Anabwereka buku la malamulo, lonenepa ngati njerwa. Ankaliwerenga phazi likupalasa makina, mpaka anasokera mkono wa shati kukhosi. Pomaliza anapeka mtundu wawo wa woyimba: woyimba wa ng'oma. Wosewera safunika kutsegula pakamwa, amangogogoda tebulo. Kugogoda pang'onopang'ono n'kuchiritsa, kugogoda mofulumira n'kuopseza adani. Anamupatsanso khungu losalowa mpeni ndi moyo wosatha.

Wometa anawerenga pepalalo n'kupukusa mutu.

"Uyu si munthu, alamu, ndi chisoni chanu. Sangafe, sangalephere. Achimwene akangoona adziwa kuti tikuwachita ngati khanda."

"Ndiye mukufuna ndiwaphe ndekha?"

"Mupatseni pofooka. Apo ayi, musandibweretsere."

Mayiwo anabwerera akulira mumsewu, anthu akuwayang'ana. Anakhala pakati pa zidutswa za nsalu, nafufuta khungu lija ndi moyo wosatha uja. Analemba mzere umodzi: ng'oma ikalira, adani onse amva, ndipo ayamba kuthamangira woyimbayo.

Lamlungu anzawo ananyamula tebulo n'kulowa nalo kuchipinda, poti a Wailesi anakana kutuluka. Mayiwo anawawerengera malamulowo bambowo akuyang'ana kudenga. Nkhani inayamba popanda iwo. Posakhalitsa wankhondo wa makaniko anabayidwa ndi achifwamba pamlatho, magazi akutayika.

"Basi ndafa ine," anatero makaniko. "Palibe wondichiritsa."

Ndiye dzanja lamanzere la a Wailesi linatuluka m'bulangete, n'kugogoda m'mphepete mwa tebulo, pang'onopang'ono.

Wankhondo anadzuka. Koma achifwamba anamva ng'omayo. Wometa anaponya madayisi poyera, osabisa, ndipo madayisiwo anagwa moipa. Woyimba wa ng'oma anafera pamlatho pomwepo, tsiku lake loyamba.

Mayiwo anafuna kumulasa wometa ndi sizasi. Koma a Wailesi anali akugwedezeka mapewa, pakamwa patapotokera mbali imodzi, akuseka mpaka kutsokomola. Analoza makaniko n'kunena kuti, "Iyayi!"

"Akuti ndine wankhondo wachabechabe," anatero makaniko, akupukuta m'maso.

Mawu sanabwerere. Pali milungu ina imene bambowo amakanabe aliyense, tebulo n'kubwerera osaligwiritsa ntchito. Chaka chino dzanja lamanzere nalonso layamba kunjenjemera, moti wometa sakusiyanitsanso kugogoda kochiritsa ndi koopseza. Adokotala akuti tidikire tione. Mayiwo sakudikira. Dzulo anagwada pansi pa bedi ndi chivindikiro cha poto, akuyesa ngati chidendene cha amuna awo chingachifike n'kumachigogoda ngati ng'oma.